Mfuti Imodzi Yosakira Nyama Zikuluzikulu Zonse: Poyambira Ndi Paphewa Panu

Nswala yamphongo yokhwima imalemera makilogalamu 60 kapena kupitirira pang'ono. Ntchefu yamphongo imatha kufika pa makilogalamu 700, ina kuposa pamenepo. Moose wa ku Alaska, chinyama cha nyanga zotambalala ngati mafosholo chija, nayenso amayandikira kulemera komweko. Mlenje amene akufuna mfuti imodzi yophera zonsezi akusenzetsa chida chimodzi katundu wolemera. Akufuna kuti chisaphwanye mnofu wa nyama yaing'ono, koma chithe kuboola phewa la nyama yolemera kuposa iyo kakhumi. Akufunanso kuti azichinyamula kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa kulowa, kukwera nacho phiri, kulowa nacho m'ziyangoyango, ndipo nthawi ikakwana chipolopolo chikagwe pomwe diso laloza.

Mfuti yotere ilipo, ndipo si imodzi yokha. Chimene chimasokeretsa anthu ndi funso limene amayamba nalo: "Kodi yamphamvu kwambiri ndi iti?" Ine funso limene ndimayamba nalo ndi lina. Kodi ndi mfuti yamphamvu motani imene inuyo mungaiwombe kakhumi motsatizana osaphethira, osaumitsa phewa, osachita mantha ndi kulira kwake? Yankho la funso limeneli ndi limene limadula malire, ndipo zina zonse zimasankhidwa m'kati mwa malirewo.

Tiyambe tamvana mayina. Chimene timangochitcha chipolopolo chili ndi zigawo: chigoba chachitsulo, wonga uli m'katimo, kachiyatso kali kumtako, ndi mutu umene umauluka kukalasa nyama. Kaliba ndi kukula kwa mutuwo m'mimba mwake, koma dzina la kaliba nthawi zambiri limanyamulanso mbiri. Pa .30-06 Springfield, nambala yoyambayo ikunena za gawo la inchi, ndipo 06 ndi chaka cha 1906 pamene asilikali a dziko la America anayamba kuigwiritsa ntchito. Pa 7×57 Mauser, 7 ndi mamilimita a mutu, 57 ndi kutalika kwa chigoba. Chodabwitsa kwa ongoyamba kumene n'chakuti .308 Winchester, .30-06 ndi .300 Winchester Magnum zonse zimaponya mutu wofanana kukula, mamilimita 7.82. Zimasiyana pa kukula kwa chigoba, ndiye kuti pa kuchuluka kwa wonga, ndiye kuti pa liwiro. Dzina lakuti magnum limanena za kaliba ya chigoba chachikulu chonyamula wonga wambiri. Kulemera kwa mutu amakuyeza mu grain, ndipo grain imodzi ndi pafupifupi magalamu 0.065. Mutu wa 180 grain, umene mudzaumva ukutchulidwa kawirikawiri, umalemera magalamu 11.7.

Chimene chimapha nyama

Nyama yaikulu imafa msanga pamene mtima kapena mapapo onse awiri abooledwa ndipo magazi atayika ambiri nthawi imodzi. Malo amenewa ali kuseri kwa phewa, ndipo pa nyama ya msinkhu wa nswala kapena mbawala ndi otambalala masentimita 20 mpaka 25. Pa nyama zazikulu malowa amakulanso, koma njira yofikira pamenepo imatalika: chikopa n'chochindikala, minofu ndi yambiri, mafupa ndi okhwima. Choncho chipolopolo chili ndi ntchito ziwiri zimene zimalimbana. Chiyenera kutambasuka kuti bala likule, komanso chiyenera kukhalabe cholemera mokwanira kuti chilowe kutali. Chikatambasuka msanga kwambiri chimathera paphewa, nyama n'kuthawa ndi bala lalikulu losafika pamtima. Chikapanda kutambasuka chimadutsa ngati singano, nyama n'kupita kutali isanagwe, magazi otsata osaoneka n'komwe.

Pa mabokosi a zipolopolo amalemba mphamvu mu joule, ndipo ogula amakonda nambala yaikulu. Mutu wa 180 grain wochoka mu .30-06 pa liwiro la mamita 820 pa sekondi uli ndi majoule pafupifupi 3,900. Wa 300 grain wochoka mu .375 H&H pa mamita 770 pa sekondi uli ndi oposa 5,700. Manambalawa ndi oona, koma powerengera mphamvu liwiro limachulukitsidwa ndi liwiro lomwelo, motero mutu wopepuka wothamanga kwambiri umaoneka woopsa papepala kuposa mmene ulili m'thupi la nyama. Pali muyezo wina umene umanena zambiri za kulowa kwa chipolopolo: kulemera kwa mutu poyerekeza ndi kunenepa kwake. Mutu wautali, wowonda, wolemera umalowa kutali, monga mmene msomali wautali umalowera m'thabwa kuposa ndalama yachitsulo yolemera chimodzimodzi.

Umboni wake uli ku Scandinavia. Kaliba ya 6.5×55, imene Sweden ndi Norway anaipanga pamodzi ndi kuipereka kwa asilikali awo mu 1894, ndi yaing'ono poyerekeza ndi .30-06. Komabe alenje a kumeneko akhala akuphera moose ndi kaliba imeneyi kwa zaka zoposa 100, pogwiritsa ntchito mitu yaitali ya 156 kapena 160 grain yoyenda modekha. Umboni wina, umene uyenera kumvedwa mosamala, ndi wa W.D.M. Bell wa ku Scotland, amene anasaka minyanga ku Karamoja m'dziko la Uganda ndi madera ena kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900. Anapha njovu zoposa 1,000, zambiri mwa izo ndi 7×57, imene Angerezi ankaitcha .275 Rigby. Ankawombera ubongo ndi mitu yosatambasuka, ndipo anali ataphunzira mkati mwa chigaza cha njovu pochita kuching'amba. Nthawi imeneyo inali ya kupulula nyama kumene lero sitingakuvomereze, ndipo malamulo a masiku ano salola kaliba yaing'ono chotere pa njovu. Phunziro lokha limene ndimatengapo ndi lakuti malo amene chipolopolo chagwa, ndi kutalika kumene chalowa, zimaposa kukula kwa kamwa la mfuti.

Kukankha kwa mfuti

Chilichonse chimene chatuluka kutsogolo kwa mpope wa mfuti, mutu ndi mpweya wotentha wa wonga, chimakankhira mfuti m'mbuyo. Izi sizizembeka. Mfuti ya .30-06 yolemera makilogalamu 3.6, yowomba mutu wa 180 grain, imafikitsa paphewa majoule pafupifupi 27. Ya .270 Winchester ili cha m'ma 22, ya 6.5×55 pansi pa 20. Ya .300 Winchester Magnum imafika cha m'ma 35, ndipo .375 H&H, ngakhale mfuti yake ikhale yolemerako, imafika pa 50, pafupifupi kawiri ka .30-06. Aphunzitsi a kawombedwe akhala akunena kwa nthawi yaitali kuti kukankha kwa .30-06 ndi pomwe munthu wamba amalekezera kupirira asanayambe kuwononga kawombedwe kake. Ena amapirira zoposa, koma ndi ochepa kusiyana ndi amene amadziyesa otero.

Ndinaziona ndekha pabwalo loyeserera kuwomba. Bambo wina wamphamvu zake, wa mapewa otambalala, anali atagula .300 magnum yatsopano ndipo zipolopolo zake zinkangomwazikana pachandamale cha mamita 100, china kumanzere, china pansi. Iye ankati vuto ndi scope, galasi lolozera lomangidwa pamwamba pa mfuti. Mkulu wina amene anali pambali pake anati, "Bambo, tabweretsani mfutiyo ndikuikireni ndine chipolopolo, inu muyang'ane kumbali." Anamuikira kawiri zenizeni, kachitatu anatseka bolt, chitsulo chokankhira chipolopolo m'chipinda chowombera, mulibe kanthu. Bamboyo atakoka trigger, kachitsulo kokoka ndi chala powomba kaja, panangomveka ka "tiki" ka chitsulo, koma tonse tinaona kamwa la mfuti likugwa pansi pafupifupi kutalika kwa chala, maso ake atatsinzina, phewa litakankhira kutsogolo kukakumana ndi nkhonya imene sinabwere. Anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Sindimadziwa kuti ndimachita zimenezi." Sankanama. Kudzidzimuka kotere kumachitika mfuti isanalire, m'kanthawi kochepa kwambiri, ndipo kulira ndi kukankha kwa mfutiyo kumakuphimba. Thupi limaphunzira lokha kudziteteza, ndipo likaphunzira, kulisiyitsa kumatenga miyezi. Tsiku lomwelo anamubwereka .308, ndipo patapita zipolopolo zingapo mabowo anayamba kuyandikana.

Pamene mlenje wadzidzimuka, amene amalipira ndi nyama. Chipolopolo chopita pamtima chimakagwa m'matumbo kapena pamwendo, ndipo nyamayo imavutika usiku wonse, mwina masiku. N'chifukwa chake nkhani ya kukankhayi sindiitenga ngati nkhani ya kulimba mtima kwa mwamuna. Ndi nkhani ya chifundo kwa nyama.

Palinso msampha wina. Mfuti yopepuka imakoma m'manja musitolo ndi pokwera phiri, koma kukankha kumakula pamene kulemera kwa mfuti kukuchepa. .30-06 ija ya majoule 27, mukaichotsa kulemera kufika pa makilogalamu 2.7, imakankha ndi majoule 36, mofanana ndi magnum. Ena amaika chipangizo cha mabowo kumapeto kwa mpope chimene chimabweza mpweya m'mbali. Chimachepetsadi kukankha, koma phokoso limene chimaponyera kwa wowomba ndi kwa mnzake woima pambali limaononga makutu kosabwerera. M'maiko monga Finland, Norway ndi Britain alenje ambiri amagwiritsa ntchito chochepetsa phokoso, chimene chimachepetsako ndi kukankha komwe, koma kwina malamulo amachiletsa. Kwa mfuti ya ntchito zonse, makilogalamu 3.6 mpaka 4 pamodzi ndi scope ndi pabwino.

Makaliba a pakati

Tikachotsa zazing'ono kwambiri ndi zokankha mopyola, timatsala ndi gulu la pakati, ndipo pakati penipeni pa gululi pali .30-06. Ubwino wake ndi kutambalala kwa mitu imene imatha kuponya bwino: 150 grain ya nyama zapakatikati, 165 ndi 180 ya pafupifupi chilichonse, mpaka 200 ndi 220 ya zinyama zolemera pafupi. Pakutha pa nkhondo ziwiri zikuluzikulu za dziko lonse, mfuti ndi zipolopolo zake zinafalikira paliponse, ndipo mpaka lero kulikonse kumene amagulitsa zipolopolo za mfuti zosakira n'kovuta kuti .30-06 isowe. Mfundo imeneyi musaipepse. Mlenje amene zipolopolo zake zasochera paulendo, kapena zatha ali kutali, amazindikira kuti kaliba yotchuka ndi chuma.

.308 Winchester inatuluka mu 1952, ndipo m'bale wake wa asilikali, 7.62×51, analandiridwa ndi NATO, mgwirizano wa asilikali a maiko a ku Ulaya ndi North America, mu 1954. Chigoba chake ndi cha mamilimita 51 pamene cha .30-06 ndi cha 63. Ndi mutu wa 180 grain imatsalira m'mbuyo ndi mamita 25 kapena 30 pa sekondi, kusiyana kumene palibe nyama ingakuzindikire pa mtunda wa mamita 250. Chigoba chachifupi chimalola mfuti yaifupi ndi yopepukako, ndipo kukankha kumatsikako pang'ono. Pamene .308 imayamba kupuma movutikira ndi pa mitu ya 200 grain kupita m'mwamba, chifukwa mutu wautali umadya malo a wonga.

.270 Winchester ndi ya mu 1925. Anatenga chigoba cha banja la .30-06 n'kuchipanikiza pakhosi kuti chiponye mutu wowondako, wa 130 grain, pa liwiro la mamita 930 pa sekondi. Jack O'Connor, amene analemba nkhani za kusaka m'magazini ya Outdoor Life kwa zaka zoposa 30, anaitchukitsa posakira nkhosa zam'mapiri ndi nyama zina zambiri. Imauluka mowongoka, imakankha pang'ono, ndipo ndi mutu wolimba wa 150 grain imapha elk, mbawala yaikulu ya ku North America. Pa ntchefu kapena moose ndingafune mutu wolemerapo. 7×57 ya mu 1892 ndi yofatsa kuposa zonsezi, ndipo ndi mutu wa 175 grain imalowa modabwitsa. Vuto lake ndi lakuti m'maiko ena zipolopolo zake sizipezeka paliponse. Pomwe 6.5 Creedmoor, imene kampani ya Hornady inaitulutsa mu 2007 poganizira za mipikisano yowombera patali, imachita pafupifupi zimene 6.5×55 yakhala ikuchita, m'chigoba chachifupi. Ndi yokoma kuwomba ndipo mphepo siikankha kwambiri mitu yake yaitali. Kwa munthu wa thupi laling'ono, kapena wongoyamba, amene nyama zake zambiri zili pansi pa makilogalamu 200, ndi chisankho chabwino. Pa zazikulu kwambiri imafuna mlenje wodziletsa, wodikira kuti nyama iime mopingasa.

Nanga magnum? 7mm Remington Magnum inabwera mu 1962, .300 Winchester Magnum mu 1963, .338 Winchester Magnum mu 1958. Ndi makaliba abwino, ndipo m'manja mwa munthu amene amawomba zipolopolo mazana pachaka amapereka mphamvu yochuluka patali. Koma taonani chimene mukugula. Mukakonza .30-06 ndi .300 magnum kuti zonse zizilasa pakati pa mamita 200, pofika mamita 300 chipolopolo cha .30-06 chimakhala chitatsika masentimita pafupifupi 25, cha magnum chitatsika mocheperapo ndi masentimita osafika 10. Phindu lake ndi limenelo pa mtunda umene nyama zambiri zimaphedwa. Malipiro ake ndi mpope wautali, mfuti yolemera, phokoso, kukankha, zipolopolo zokwera mtengo zimene zimachititsa munthu kuyeserera mwa apo ndi apo, ndi mnofu wambiri wophwanyika mukawombera nswala pafupi.

Mutu wa chipolopolo ndiye mwini ntchito

Mu 1946, John Nosler wa ku Oregon ankasaka moose ku British Columbia m'dziko la Canada ndi .300 H&H Magnum, mfuti yamphamvu ndithu. Moose amene anakumana naye anali atagubuduzika m'matope, ndipo zipolopolo zinaphwanyikira paphewa osalowa mokwanira. Mfuti inalibe cholakwa. Mitu ya nthawi imeneyo inali ya mtovu wofewa wokutidwa ndi kachikopa kopyapyala ka kopa, ndipo pa liwiro lalikulu inkasweka. Nosler atabwerera kwawo anapanga mutu wa zipinda ziwiri zolekanitsidwa ndi khoma la chitsulo pakati: chipinda chakutsogolo chimatambasuka, chakumbuyo chimakhala chathunthu n'kupitiriza ulendo. Anayamba kuugulitsa mu 1948 pa dzina lakuti Partition, ndipo mpaka lero mitu ina amaiyeza poifanizira ndi umenewu.

Kuchokera pamenepo kwabwera njira zina. Pali mitu imene mtovu wake amaumata ndi chikopa chake kuti zisalekane ikagunda fupa. Pali ya kopa yokhayokha, imene kampani ya Barnes inaiyambitsa mu 1989, imene imatseguka ngati duwa la masamba anayi ndi kusunga pafupifupi kulemera kwake konse. Mitu ya kopa ili ndi ubwino winanso: sisiya tizidutswa ta mtovu mu nyama imene anthu akadye kapena m'matumbo amene miimba ndi zilombo zina zimatola. Boma la California linaletsa zipolopolo za mtovu pa kusaka konse kuyambira mu July 2019. Chofunika kudziwa ndi chakuti mutu wa kopa umafuna liwiro kuti utseguke, choncho amasankha wopepukako pang'ono, monga 165 m'malo mwa 180, ndipo sauponya patali mopyola.

Zimenezi zinasintha funso lonse la mfuti imodzi. Kale munthu ankakweza kaliba pofuna kubisa kufooka kwa mutu. Lero .308 yokhala ndi mutu wolimba imachita ntchito imene kale ankaifunira mfuti yaikulupo. Uphungu wanga ndi wakuti musamasinthesinthe mitu. Mtundu uliwonse umagwa pake pachandamale, ndipo tsiku lina mudzaiwala kuti mwaika uti. Pezani umodzi wolimba umene mfuti yanu imauwomba bwino, muugwiritse ntchito pa nyama zonse. Mutu wolimba wa 180 grain umadutsa nswala osaiphwanya kwambiri, ndipo umakwanira ntchefu.

Pamene mfuti imodzi imalekezera

Pali nyama zimene zikavulala zimatembenuka kufuna amene wazivulaza: njati, njovu, mvuu, mkango. Apa nkhani ya mfuti ya pakati yatha. M'maiko ambiri a mu Africa amene amalola kusaka nyama zimenezi, pa zambiri mwa izo lamulo limafuna kaliba yosachepera .375, ndipo ena amalola 9.3×62. .375 H&H Magnum inapangidwa ndi Holland & Holland a ku London mu 1912. 9.3×62 inapangidwa ndi Otto Bock wa ku Berlin mu 1905, kuti alimi achijeremani okhala mu Africa akhale ndi chipolopolo champhamvu cholowa mu mfuti wamba ya Mauser. Ambiri amati .375 ndiyo mfuti imodzi ya dziko lonse lapansi, ndipo ali ndi mfundo: ndi mutu wa 270 grain imauluka pafupifupi mofanana ndi .30-06 ya 180 grain, ndipo chifukwa liwiro lake ndi lodekha, siiwononga mnofu wa nyama zazing'ono monga mmene munthu angaganizire. Ngati njati ili pamndandanda wanu ndipo mungakhale ndi mfuti imodzi yokha, musavutike kufufuza, ndi imeneyi. Koma ngati nyama 19 mwa 20 zimene mudzasake ndi za nyanga zothawa, musanyamule majoule 50 a kukankha moyo wanu wonse chifukwa cha ulendo umodzi umene mwina mudzapita. Ulendowo ukadzafika mudzabwereka kapena kugula yachiwiri, ndi kuiphunzira bwino musananyamuke.

Mfuti yeniyeniyo

Pa kapangidwe, mfuti ya bolt ndiyo yoyenera ntchito zonse. Ndi yolimba, yosavuta kuitsuka, imalola zipolopolo zamphamvu, ndipo imalasa molondola. Pafupifupi zonse za masiku ano ndi zidzukulu za Mauser, mfuti ya ku Germany ya mu 1898. Pa Mauser, chikhadabo chachikulu cha pa bolt chimagwira chipolopolo chikangotuluka m'nkhokwe yake n'kuchiperekeza mpaka m'chipinda chowombera, ndipo chimachikokanso mwamphamvu potuluka. Winchester Model 70 ya mu 1936 inatengera njira imeneyi, n'kuisiya mu 1964, ndipo n'chifukwa chake zopangidwa chakacho chisanafike zimafunidwa kwambiri. Remington Model 700 ya mu 1962 imatsata njira ina: bolt imangokankha chipolopolo kutsogolo n'kuchigwira ikatsekeka. Alenje a nyama zoopsa amakonda njira yoyamba chifukwa munthu akachita phuma, n'kukoka bolt mopereweza, sizichitika kawirikawiri kuti zipolopolo ziwiri zipanikizane. Pa nyama zina zonse njira ziwirizi zimagwira ntchito bwino, ndipo sindingakane mfuti yabwino pa chifukwa chimenechi.

Chimene ndingakanire mfuti ndi kusandikwana. Tsekani maso, kwezani mfuti yopanda chipolopolo paphewa monga mmene mungachitire nyama itatulukira, tsaya likhale pampini, kenako tsegulani maso. Diso liyenera kupezeka lili kale pakati pa scope. Ngati mukuchita kusolola khosi kapena kukweza mutu, mpiniwo si wanu. Mfuti zambiri zimapangidwa ndi mtunda wa masentimita pafupifupi 34 kuchokera pa trigger kufika kumtako, umene umakwana mwamuna wa msinkhu wapakati. Wamfupi, mayi, kapena munthu wovala zovala zochindikala za nyengo yozizira amafuna waufupiko. Mpini wosakwana umakulitsa ululu wa kukankha. Mpini wa mtengo ndi wokongola koma umatupa ndi chinyezi n'kusuntha pogwera chipolopolo, pomwe wa pulasitiki yolimba kapena wa matabwa omatikiza susamala mvula. Mpope wa masentimita 56 ukukwanira makaliba a pakati, magnum imafuna 61 kapena kuposa kuti wonga wake upse wonse. Trigger iduke mwadzidzidzi ngati kamtengo kouma, pa mphamvu ya makilogalamu 1.3 mpaka 1.6. Yolimba kuposa apo imakoketsa mfuti pambali, yofewa kwambiri ndi ngozi chala chikazizira kapena mtima ukamagunda.

Scope musaigule ndi zotsala. Ndi bwino mfuti ya mtengo wapakati yokhala ndi galasi labwino kusiyana ndi mfuti yapamwamba yokhala ndi galasi lochita nkhungu, chifukwa nyama zambiri zimaoneka m'mawa kusanawale bwino ndi madzulo kukuda. Ya 3-9×40, kutanthauza yokuza chinthu kuyambira ka 3 mpaka ka 9, kapena ya 2-7, ikukwanira. Poyenda izikhala pa nambala yotsika. Nyama ikatulukira pa mamita 30 scope ili pa 9, mudzangoona ubweya osadziwa kuti ndi mbali iti ya thupi. Ikakhala patali mudzapeza nthawi yokweza. Onetsetsani kuti pakati pa diso ndi scope pali masentimita 8 mpaka 10, apo ayi mfuti ikakankha mkombero wa scope umatema pansidze. Zomangira scope zikhale zolimba ndi zomangidwa bwino, chifukwa mfuti zambiri zimene amazinena kuti zasiya kulondola vuto limakhala kasikuluwu kamene kamasuka.

Za kulondola, otsatsa malonda amakonda kulonjeza mabowo ogwa m'kati mwa masentimita 3 pa mamita 100. N'zabwino, koma mfuti yomwaza masentimita 4 kapena 5 pa mtunda umenewu imakhalabe m'kati mwa masentimita 15 pa mamita 300, ndipo malo a mtima ndi mapapo ndi aakulu kuposa pamenepo. Amene amamwaza kwambiri ndi munthu, makamaka ataima, atatopa, akupuma mwawefuwefu.

Musanagule, werengani malamulo a kumene mudzasakeko. Kupatula chiphaso cha mfuti ndi chilolezo chosakira, maiko ambiri amaika malire a pansi pa kaliba kapena mphamvu. Mwachitsanzo, ku England ndi Wales lamulo la mu 1991 limafuna kaliba yosachepera .240 pa mitundu ikuluikulu ya mbawala. Makaliba a pakati amene tatchulawa amadutsa malire otere m'maiko ambiri, kupatula pa nyama zoopsa zija.

Mukandifunsa kuti ndisankhe imodzi, ndingatenge .30-06 ya bolt, mpope wa masentimita 56, yolemera makilogalamu 3.8 pamodzi ndi scope ya 3-9×40, ndi mutu wolimba wa 180 grain. Phewa likanena kuti yachuluka, ndingatsikire pa .308 ndi mutu wa 165, kapena pa 7×57, osachita manyazi. Ndingaikonze kuti pa mamita 100 izilasa masentimita 5 kapena 6 pamwamba pa poloza. Ikatero imagwa pakati penipeni cha pa mamita 200, ndipo kuyambira pafupi mpaka kupitirira pamenepo pang'ono ndimangoloza kuseri kwa phewa osawerengera kanthu. Ndikamaliza kuikonza patebulo, ndingachoke patebulopo. Ndingajambule chozungulira cha masentimita 20 pa katoni, n'kuwombera nditagona, nditakhala pansi zigongono zili pamaondo, nditagwada, nditatsamiritsa mfuti pa ndodo kapena pa chikwama. Pa kakhalidwe kalikonse ndingasunthire katoniyo kutali pang'onopang'ono mpaka pamene chipolopolo chimodzi mwa zisanu chayamba kugwa kunja kwa chozunguliracho. Mtunda wotsiriza umene zisanu zonse zinalowa ndingaulembe pakapepala n'kukamata pampini wa mfuti, ndipo nyama ikaima kutali kuposa pamenepo, ndingayandikire kapena kuisiya ipite.